Mwana akalira m'ndege, yambani mwaganizira makutu ake

Mwana wa zaka ziwiri akayamba kulira m'ndege, anthu sachedwa kuweruza. Ena amati makolo ake anamulekerera, ena amangotembenuka n'kuyang'ana mayi ake ndi diso lofiira. Koma funsani amene amakwera ndege kawirikawiri, adzakuuzani kuti kulirako kuli ndi nthawi yake. Ana ambiri amayamba kukatsala mphindi pafupifupi 30 kuti ndege itere, ndipo amayambira limodzi ngati apangana. Ana osadziwana, a m'mabanja osiyana, sangachite mwano pa nthawi imodzi. Chinthu chikamachitikira anthu ambiri pa nthawi yofanana, ife a fizikisi timafunsa kuti: chasintha n'chiyani pamalopo?

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simunakwerepo ndege. Palibe vuto, chifukwa zonse tikambirane pano ndi zomwe zija timaphunzira m'kalasi: pulesha, mphamvu, phokoso ndi kuzungulira kwa dziko. Komanso ena muli ndi abale ku Joni kapena ku UK, ndipo tsiku lina amayi kapena azakhali adzangoti, "Iwe, tiye ukandithandize mwana pa njira." Ulendo wa ku London si wamasewera. Mumanyamuka ku Lilongwe, maola pafupifupi 4 kukafika ku Addis Ababa, kudikira kumeneko, kenako maola ena pafupifupi 8. Mukadzera ku Johannesburg ndi maola awiri ndi theka, kenako ena pafupifupi 11. Nthawi yonseyo muli ndi kamwana kamene kangophunzira kumene kuthamanga ndipo sikadziwa kuti kukhala pansi n'chiyani.

Tiyambe ndi mpweya. Pamene mwakhalapo, mpweya ukukukankhani mbali zonse. Kukankha kumeneku pa malo a ukulu wakutiwakuti ndi kumene timati pulesha. M'mphepete mwa nyanja yamchere imakhala pafupifupi 101 kPa. Mukamakwera, mpweya wotsala pamwamba panu umachepa, ndiye pulesha imatsika. Pa bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe lili pa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere, imakhala cha m'ma 87 kPa. Ndege za maulendo ataliatali zimauluka pa mamita 10,000 mpaka 12,000, ndipo kumeneko pulesha imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ya pansi. Munthu angakomoke pa kanthawi kochepa. N'chifukwa chake ndege imapopera mpweya m'kati mwake.

Koma sapopa mpaka kufika 101 kPa. Akanatero, kusiyana kwa pulesha ya m'kati ndi ya kunja kukanakula, makoma a ndege akanafunika kukhala ochindikala kwambiri, ndege ikanalemera n'kumadya mafuta ambiri. Ndiye opanga ndege anasankha zapakatikati. M'kati mumakhala ngati muli pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, pulesha ya pakati pa 81 ndi 75 kPa. Tingoti mwakhala pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika. Pa Sapitwa, mamita 3,002 paja, simufika.

Tsopano khutu. Mukalowa m'bowo la khutu mumakathera pa kachikopa kopyapyala, ng'oma ya khutu. Kuseri kwa ng'omayi kuli kachipinda kodzaza mpweya. Kachipindaka kali ndi khomo limodzi lokha: kapaipi kopapatiza kamene kamatsikira kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero. M'buku la bayoloje kamatchedwa Eustachian tube, dzina lochokera kwa Bartolomeo Eustachi, katswiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500. Nthawi zambiri kapaipika kamakhala kotseka. Kamatseguka pang'ono mukameza kapena kuyasamula, chifukwa minofu ya kummero imakakoka. Amene munatsikapo pa minibasi kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena njira ya Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti, mukukudziwa kale. Makutu amatseka, mawu a kondakitala amamveka ngati ali m'mtsuko, mukameza malovu n'kumva kuti pho! Ndi kapaipi kameneka katseguka.

Nanga bwanji vuto limakula potera osati ponyamuka? Apa mpamene ndikufuna a Fomu 3 ndi 4 atchere khutu. Robert Boyle anasonyeza mu 1662 kuti kutentha kukapanda kusintha, pulesha ya mpweya wotsekeredwa kuchulukitsa ndi malo amene watenga zimapereka nambala yosasintha: P1V1 = P2V2. Ndege ikamakwera, pulesha ya m'ndege imatsika, mpweya wa m'kachipinda kaja umafufuma, ndipo umadzikankhira wokha kutuluka pa kapaipi. Sizifuna thandizo lanu kwenikweni. Ikamatsika zimatembenuka. Pulesha yakunja kwa khutu ikukwera, mpweya wa m'kachipinda ukufinyika, ng'oma ikukankhidwira m'kati. Mpweya uyenera kulowa kuti mbali ziwirizi zifanane, koma makoma ofewa a kapaipi amakonda kumatana pamene kunja kukukankha. Kuli ngati kukoka chakumwa ndi kapaipi ka pepala konyowa: mukamakoka kwambiri mpamene kamaphwatalala. Ndiye potsika muyenera kukatsegula nokha.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti m'ndege munali 75 kPa, ndipo mukutera ku Heathrow, bwalo lomwe lili pafupifupi mofanana ndi nyanja yamchere, 101 kPa. Kusiyana ndi 26 kPa, kapena 26,000 Pa. Ng'oma ya khutu ndi yaikulu pafupifupi 0.6 cm², zomwe ndi 0.00006 m². Mphamvu ndi pulesha kuchulukitsa ndi ukulu wa malo: 26,000 × 0.00006 ikutipatsa pafupifupi 1.6 N. Ikumveka yochepa eti? Ndi kulemera kwa chinthu cha magalamu 160, ngati foni ya m'manja. Tsopano ganizirani foniyo itatsamira pa kachikopa kakang'ono ngati chikhadabo, kochindikala gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kodzaza ndi mitsempha yomvera ululu. Kawirikawiri sizifika pamenepo chifukwa kapaipi kamatseguka pa njira, koma ululu umayamba kale kusiyanako kukadali kochepa.

Wamkulu akamva makutu kutseka amameza, basi zatha. Mwana sadziwa kuti kumeza n'kumene kungamuthandize. Komanso kapaipi kake n'kosiyana ndi kathu. Ka munthu wamkulu ndi kotalika pafupifupi mamilimita 35 ndipo n'kopendekeka bwino. Ka khanda ndi pafupifupi theka la pamenepo, n'kopapatiza, n'kofewa, ndipo kamakhala ngati kagona chopingasa. Chimfine pang'ono chabe chimakatupitsa n'kukatseka. Mwana wa zaka ziwiri alibe mawu onenera kuti "khutu likundipweteka m'kati", ndiye amakoka khutu n'kukuwa. Chodabwitsa n'chakuti kulirako kumamuthandiza, poti pakulira amatsegula kukamwa n'kumameza.

Mukamvetsa zimenezi, chochita chimadziwika chokha. Mwana ameze pa nthawi imene ndege ikutsika. Woyamwa ayamwe, wamkulupo amwe madzi pang'onopang'ono kapena atafune kanthu kofewa. Nzeru yake ili pa nthawi. Mukamumwetsa mpaka kukhuta kukadali ola lathunthu, pofika nthawi yotsika adzakana. Sungani ludzu lake pang'ono, ndipo muyambe pamene oyendetsa ndege alengeza kuti akuyamba kutsika, kapena inuyo mukangomva makutu anu ayamba kutseka. Makutu anu ndiwo chipangizo choyezera chimene muli nacho. Ngati wagona, mudzutseni mofatsa ndege isanayambe kutsika. Ndikudziwa, kudzutsa mwana amene mwavutika naye kuti agone kumaoneka ngati misala. Koma munthu akagona sameza pafupipafupi, ndiye pulesha imaunjikana mpaka ululu n'kumudzutsa wokha, ndipo pamenepo kapaipi kamakhala katamatana kale. Maswiti olimba ayi, angamutsamwitse. Ndipo ngati mwana ali ndi chimfine chachikulu kapena khutu likumupweteka kale, makolo aonane ndi dokotala ulendo usanafike.

Pali mfundo ina imene imandisangalatsa kwambiri, chifukwa imasonyeza kuti fizikisi imatha kulosera. Kutera konse si kofanana. Bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pa mamita opitirira 2,300, ndiye pulesha yake ndi pafupifupi 76 kPa, yofanana ndi ya m'ndege momwe. Makutu alibe ntchito yaikulu pamenepo. Ku Johannesburg, mamita pafupifupi 1,700, kusintha n'kochepanso. Mayi angafike ku Addis n'kumadzitama kuti mwana wanga ndi wa ndege uyu, sanalire n'komwe. Adikire ku London. Kumeneko ndi kumene kuli ma 26 kPa aja, ndipo kumabwera kumapeto kwa ulendo pamene aliyense watopa. Botolo lomaliza la mkaka lisungidwire pamenepo.

Lamulo la Boyle silithera m'khutu. Mpweya uliwonse wotsekeredwa umafufuma ndege ikakwera. Kuchoka pa 87 kPa ya ku Lilongwe kufika pa 75 kPa, gawani 87 ndi 75 mupeza 1.16, kutanthauza kuti wakula ndi 16 pa 100 alionse. Paketi ya makirisipi imatupa ngati pilo. Yogati amakuthirani kumaso mukamatsegula, choncho mulozetse kumbali. Botolo la mwana lokhala ndi kapaipi koyamwira limasanduka kasupe: mpweya wa pamwamba pa madzi umakankha madziwo kukwera m'kapaipi, ndipo mukangotsegula amathovokera pa suti ya bambo amene mwakhala nawo pafupi. Yambani mwamasula chivindikiro pang'ono kuti mpweya utuluke. M'mimba mwa mwana namonso muli mpweya, ndipo nawo umafufuma chimodzimodzi. Zakumwa za gasi pa ulendo zisiyeni, ndipo nyemba ndi kabichi za dzulo lake... mwamva kale.

Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri. Umachokera kunja, komwe kumazizira mpaka cha m'ma −50 °C, ndipo mpweya wozizira chonchi sunyamula chinyezi. Akautenthetsa n'kuulowetsa m'kati, chinyezi chake chimakhala pakati pa 10 ndi 20 pa 100, kuuma koposa masana a Okutobala ambiri kwathu kuno. Milomo imauma, mphuno imayabwa, mwana amanyinyirika osadziwa chifukwa chake. Madzi pang'ono pafupipafupi amathandiza kuposa kapu yodzaza kamodzi. Mabwalo ambiri a ndege amalola mkaka ndi chakudya cha mwana kupitirira malire a 100 ml aja, bola muwaonetse achitetezo.

Tafika pa funso lomwe azakhali anu adzafunse: nanga maola onsewo azichita chiyani? Apa fizikisi imathandiza pang'ono, kwinako ndi kumudziwa mwanayo. Kamwana ka msinkhu uwu sikakhalitsa pa chinthu chimodzi. Mukakapatsa zoseweretsa zonse nthawi imodzi, pakatha mphindi 20 kaboweka nazo zonse, ndipo mwatsala ndi maola 7. Tulutsani chimodzichimodzi, zina zikhale zoti sanazionepo, ndipo akatopa nacho chibiseni. Pakapita maola atatu chimakhalanso chatsopano. Sizifunika zodula. Ine ndimavotera tepi ya pepala yomatira ija: mumadula tizidutswa, mwana amamata pa thebulo, amamatula, amamatanso pa mphuno yanu. Makapu a pepala olowetsana, kabuku ka zithunzi, chikwama cha zipi chokhala ndi masokosi m'kati, ngakhale kadi ya malangizo a ngozi yokhala m'thumba la mpando, zonsezi zimagula nthawi. Chakudya nachonso chimagula nthawi mukamachipereka kachidutswa kamodzikamodzi.

Chimene fizikisi ikuwonjezera ndi ichi: musatenge zinthu zogubuduka. Ndege ikamauluka mowongoka, mphuno yake imakhala itakwera pang'ono, madigiri awiri kapena atatu. Simungaone ndi maso, koma pansi pa ndege ndi potsetsereka. Mpira, kagalimoto kapena kirayoni yobulungira ikagwa imapita kumbuyo, mizere isanu, pansi pa mapazi a anthu ogona. Kulira kotsatira pamenepo sikukhudzana ndi makutu.

Ndipo mwana ndi thupi lofuna kuyenda. Maola odikira pa bwalo la ndege si nthawi yomugoneka pa mwendo. Athamange, akwere masitepe, akaone ndege pa windo, atope. M'ndege, chizindikiro cha lamba chikazima, yendani naye m'kanjira ka pakati mutamugwira dzanja.

Za foni ndi tabuleti, ine sindili m'gulu la oletsa. Pa ulendo wa maola 8 katuni ndi mnzanu. Nkhawa yanga ndi phokoso. M'ndege mumakhala mkokomo wa cha m'ma 80 dB, pomwe kucheza wamba ndi pafupifupi 60 dB. Musanamizike ndi manambalawa n'kumati kusiyana ndi 20 chabe. Pa sikelo ya ma decibel, kuwonjezera 10 ndi kuchulukitsa mphamvu ya phokoso ka 10, ndiye 20 ndi ka 100. Kuti mwana amve katuni pamwamba pa mkokomowo amakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndipo phokoso lopitirira 85 dB kwa maola ambiri limawononga makutu. Mahedifoni ophimba khutu lonse ndi abwino kuposa tolowetsa m'khutu, ndipo voliyumu muziyesa inuyo kaye. Mipando ya kutsogolo kwa mapiko imakhala yachete kuposa ya kumbuyo kwa mainjini. Ya pa mapiko penipeni sigwedezeka kwambiri, monganso thabwa loikidwa pa mwala limakwera ndi kutsika kwambiri kumapeto, osati pakati.

Kugwedezeka kumeneku kwandifikitsa pa nkhani imene sindikufuna muiwerenge mothamanga. Mwana wosakwana zaka ziwiri amaloledwa kukhala pa mwendo wa wamkulu, ndipo mwana akavuta, chiyeso chimakhala chomumasula lamba kuti angotonthola. Pa 21 Meyi 2024, ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London kupita ku Singapore inakumana ndi mpweya wovuta pamwamba pa dziko la Myanmar. Ofufuza anapeza kuti pasanathe sekondi imodzi, mphamvu yomwe inkakanikizira anthu pa mipando inasintha kuchoka pa 1.35 g kufika pa −1.5 g. Munthu mmodzi anamwalira ndipo ambiri anavulala, makamaka amene sanamange malamba. Chizindikiro cha kuchotsera chija chikutanthauza kuti ndege inagwa mofulumira kuposa mmene mwala umagwera. Munthu wosamangidwa sakankhidwa ndi chilichonse kupita m'mwamba. Ndi inertia, lamulo loyamba la Newton. Ndege ndiyo imamuthawa pansi, denga n'kumupeza.

Werengerani nokha. Mwana wa makilogalamu 12, pa 1.5 g, kutenga g ngati 10 m/s²: F = ma = 12 × 15 = 180 N. Kuti apite pansi limodzi ndi ndegeyo, manja anu ayenera kumugwira ndi mphamvu yofanana ndi yonyamulira ndowa ya malita 18, molozera kumene simukuyembekeza, pa nthawi yochepa kuposa imene ubongo umatenga kuti uzindikire chachitika. Mwina munali mutagona. Chikondi cha mayi sichisintha masamu amenewa. Ndege zambiri zimapereka kalamba ka mwana kolumikiza ku lamba wa wamkulu. Ngati mwapatsidwa kagwiritseni ntchito, ndipo wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amakhala ndi mpando ndi lamba wakewake. Chizindikiro cha lamba chikayaka, mwana amangidwe, kaya alire chotani. Mukakhala pansi, ngakhale chitazima, lamba akhale womanga momasuka.

Za tulo pali nkhani yabwino. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, omwe ndi madigiri 15 pa ola. Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 34 kum'mawa, London ili pa 0, ndiye kusiyana kwa nthawi ndi maola awiri okha, ndipo kumatsika kufika pa ola limodzi a ku UK akasuntha mawotchi awo m'nyengo yawo yotentha. Ndi Johannesburg sitisiyana n'komwe. Ulendowu ndi wautali koma ndi wolowera kumpoto, choncho wotchi ya m'thupi la mwana sisokonekera kwambiri. Nthawi yake yogona ikakwana chitani zimene mumachita kunyumba: zovala zogonera, nsalu yake ija yonunkhira kwawo, nyimbo yomweyo, sikirini yozimitsa. Opita ku Guangzhou, komwe ali patsogolo ndi maola 6, ndiwo amakhala masiku angapo ndi mwana wodzuka pakati pa usiku kufuna phala. Ndamvapo ena akulangizana kuti mwana angomumwetsa Piriton agone ulendo wonse. Musatero popanda dokotala. Mankhwala a mtundu umenewu si abwino kwa ana aang'ono, ndipo ena m'malo mogona amabalalika kuposa kale.

Ntchito yanu ya sabata ino ili pawiri. Yoyamba ndi ya aliyense amene ali ndi ulendo wotsika phiri, kaya ku Chikwawa, ku Golomoti kapena kuchokera pamwamba pa Zomba. Tengani botolo lapulasitiki lofewa lopanda kanthu, mulitseke zolimba muli pamwamba, mukalione mukafika pansi, ndipo mulitsegule pafupi ndi khutu kuti mumve ngati mpweya ukulowa kapena ukutuluka. Yachiwiri ndi ya pa pepala. Botolo la 500 ml latsekedwa m'ndege pa 75 kPa. Pezani malo amene mpweya wake udzatenge ndege ikatera ku Addis Ababa pa 76 kPa, ku Lilongwe pa 87 kPa, ndi ku London pa 101 kPa. Musaiwale kulemba chimene mwaganiza kuti sichikusintha.